Kupanga ndi kuimba techno pa makina okhaokha: kuyambira pa tebulo la kunyumba mpaka pa siteji

Aliyense amene akufuna kutseka laputopu n'kuyamba kupanga techno pa makina amandifunsa funso lomwelomwelo: ndigule chiyani? Ndaliyankha kokwanira, ndiye ndalemba pano kuti wofunsanso ndizingomulozera. Ndineneretu kuti kugula ndi mbali yaing'ono. Chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi makina kukana kuyendera limodzi, komanso kusowa njira yochokera pa nyimbo ina kulowa ina popanda holo kukhala zii. Pa ziwirizi ndi pamene ndichedwepo.

Nyimbozi zinabadwira ku Detroit m'zaka za m'ma 1980, m'manja mwa anthu monga Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson, ndipo zipangizo zawo zinali zowerengeka. TR-909 ya Roland (makina a ng'oma), imene inatuluka mu 1983, ili ndi mawu 11 okha, koma DJ wa ku Detroit Jeff Mills wavinitsa nayo anthu kwa zaka zambirimbiri. Choncho musadikire kuti tebulo lidzadze kaye.

1. Gawani ntchito, kenako mugule

Pa tebulo la techno pali ntchito zinayi. Pali ng'oma, pali besi ndi timawu tobwerezabwereza, pali sequencer, ndiye pali mikisa pamodzi ndi ma effect monga delay (yobwereza mawu) ndi reverb (yomveketsa mawu ngati ali m'holo yaikulu). Sequencer ndi mbali imene imasunga zoti mawu akuti alire pa nthawi yakuti, nthawi zambiri pa mzere wa mabatani 16 otchedwa masitepe. Zimene mwaika pa masitepewo zikamazungulira, ndiye pattern imeneyo.

Makina otchedwa groovebox amagwira ntchito zingapo pamodzi. Elektron Digitakt, Elektron Syntakt, Novation Circuit Tracks ndi Akai MPC One ali m'gulu limeneli. Woyamba kumene agule amodzi otere ndi mahedifoni abwino, akhale nawo mpaka zala zizipeza mabatani maso ali kwina. Chipangizo chachiwiri chibwere pamene mwadziwa chimene chikusowa. Ambiri amapeza kuti akusowa synth (makina opanga mawu ndi magetsi) ya analog yokhala ndi zopotokola zake poyera, monga Behringer TD-3 imene imatsanzira TB-303 yakale ya Roland, kapena Moog DFAM. Ena amasowa makina a ng'oma okhala ndi fader (chokankha chokwezera ndi kutsitsira mawu) pa mawu aliwonse ngati Roland TR-8S.

Malire anga ndi zipangizo zitatu zolira, mikisa imodzi ndi ma effect awiri. Manja muli nawo awiri, ndipo chipangizo chimene simukuchigwira pa siteji chimangowonjezera zingwe zoti zikuvuteni. Eurorack, ija yogula kachidutswa kamodzikamodzi n'kumalumikiza ndi tizingwe, ndi yokoma koma isakhale yoyambira.

2. Sankhani mtsogoleri mmodzi wa liwiro

Makina aliwonse ali ndi wotchi yawoyawo. Mukaika 130 BPM (kugunda 130 pa mphindi imodzi) pa makina awiri n'kudina play nthawi imodzi, amayamba bwino, koma pakapita mphindi zingapo mumva ng'oma zikupondana. Mankhwala ake ndi akuti amodzi azitumiza uthenga wa liwiro wotchedwa clock, ena onse azilandira. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mtsogoleri akhale makina amene dzanja lanu limakhalapo kwambiri, chifukwa play, stop ndi liwiro zonse zizichokera pamenepo.

MIDI ndi chinenero chimene makina oimbira amalankhulirana pa chingwe. MIDI clock imatumiza tizizindikiro 24 pa kugunda kulikonse. Chingwe chichoke pa OUT ya mtsogoleri, chilowe pa IN ya wotsatira. Wachitatu alandire kuchokera pa THRU ya wachiwiri, chifukwa THRU imangobwereza zimene zalowa pa IN, pamene OUT imatulutsa za makinawo eni ake. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Makina akapitirira atatu gulani kabokosi kogawa MIDI, aliyense alandire chingwe chake kuchokera kwa mtsogoleri. Izi n'zofunika makamaka pa makina opanda THRU yeniyeni, amene amadutsitsa uthenga mu pulogalamu yawo n'kuuchedwetsa pang'ono.

Kubaya chingwe kokha sikokwanira. Lowani m'menyu ya mtsogoleri muyatse zinthu ziwiri, clock send ndi transport send. Clock ndi liwiro, transport ndi lamulo loti yamba kapena ima. Wotsatira akamathamanga pa liwiro loyenera koma osayamba mukadina play, ndiye kuti transport sinayatsidwe mbali imodzi. Kwa wotsatira sinthani wotchi ichoke pa internal, ndipo onetsetsani kuti akumvera bowo loyenera, poti ena amakufunsani kusankha pakati pa MIDI ndi USB.

Nthawi zina mukadina play synth imayamba kulira manotsi amene simunaike. Si mizimu. Makina a ng'oma akutumiza manotsi awo pa chingwe chomwecho, synth n'kumawalandira. MIDI ili ndi matchanelo 16, ndiye perekani tchanelo chakechake kwa chipangizo chilichonse, kapena zimitsani kutumiza manotsi kwa mtsogoleri. Clock sikhudzidwa, chifukwa ilibe tchanelo, imafika kwa onse.

Mabowo nawo ali ndi misampha yake. Makina ang'onoang'ono ambiri amalandira MIDI pa bowo la 3.5 mm, ndipo kalumikizidwe kake kali mitundu iwiri, Type A ndi Type B. Maso sangasiyanitse. Type A ndi imene inavomerezedwa mu 2018 kukhala ya onse, koma zipangizo zina zakale za Arturia ndi Novation ndi za Type B. Mukasokoneza palibe chimapsa, kungoti palibenso chimayenda. Kachingwe kamene kanabwera m'bokosi kamatani tepi n'kulembapo dzina la makina ake tsiku lomwelo.

Makina akale a Roland monga TR-808, TR-606 ndi TB-303 ali ndi bowo la mapini asanu looneka ngati la MIDI, koma ndi DIN sync, chinenero china. Pamafunika chosinthira, kapena mtsogoleri wodziwa kuyankhula zonse ziwiri. Pa makina a Elektron mutha kusintha bowo la OUT kuti lizitulutsa DIN24, mtundu wa DIN sync umene makina akale a Rolandwa amamva. Chingwe chake chikhale cholumikizidwa mapini onse asanu, chifukwa zingwe zina za MIDI zimangolumikiza atatu. Ma Korg Volca ambiri ali ndi MIDI IN yokha, choncho sangatsogolere pa MIDI, ndipo bowo lawo la sync limagunda kamodzi pa masitepe awiri. Mukawalumikiza ndi chipangizo choyembekezera kugunda pa sitepe iliyonse, chimodzi chiziyenda theka la liwiro la chinzake. Zikatero fufuzani m'menyu polembedwa PPQN kapena clock division.

Mukamaliza yesani motere. Ikani hi-hat (kamawu ka "tsi-tsi") yaifupi pa masitepe onse 16 pa makina awiri, imodzi muikankhire kumanzere, ina kumanja, muvale mahedifoni. Zikagwirizana mumamva ngati kamawu kamodzi pakati pa mutu. Zikasiyana mumamva "tra-tra" m'malo mwa "ta-ta". Zisiyeni ziyende mphindi khumi, kenako imitsani ndi kuyambitsanso kangapo, muone ngati wotsatira akubwerera pa sitepe yoyamba nthawi zonse.

3. Magetsi

Apa ndi pamene makina amafera. Pulagi ikalowa bwino pa bowo sizitanthauza kuti adaputayo ndi yoyenera. Onani zinthu zinayi: mphamvu yake ifanane ndendende, 9V ikhale 9V, ikhale DC kapena AC monga alembera pa makina, ma mA afanane kapena apose amene makina akufuna, ndipo pini yapakati ikhale mbali yoyenera. Ma pedal a gitala a mtundu wa Boss amafuna 9V yapakati negative, pamene Volca imafuna 9V yapakati positive. Manambala ndi ofanana, koma mukasinthanitsa mutha kuotcha chipangizo. Lembani dzina pa adaputa iliyonse.

Zonse zidye pa extension imodzi. Mukamva kulira kwa "mmmm" kapena kamluzu kosatha m'masipika, zulani zingwe chimodzichimodzi, kuyambira za USB, mpaka phokoso litasiya. Kawirikawiri wolakwa amakhala USB, ndipo kabokosi kotchedwa isolator kamathetsa vutoli. Musadule pini ya earth pofuna kuthetsa phokoso, pini imeneyo ndi yoteteza moyo wanu. Poyatsa masipika akhale omaliza, pozimitsa akhale oyamba.

4. Njira ya mawu

Kick, ng'oma yaikulu ija yogunda pansi, ikhale pa tchanelo chakechake pa mikisa. Pa malangizo onse a gawo lino, ili ndiye lalikulu, chifukwa kick ndi imene muziichotsa ndi kuibweza usiku wonse, ndipo simukufuna kuisaka m'menyu. TR-8S ili ndi mabowo owonjezera otulutsira mawu paokha. Ngati makina anu ali ndi L ndi R basi, monga Digitakt, kankhirani kick kumanzere kwenikweni, zina zonse kumanja, ndipo zingwe ziwirizo zilowe m'matchanelo awiri osiyana. Stereo mwaitaya, koma m'holo yaikulu ndi ochepa amene amaimva.

Tchanelo chachiwiri ng'oma zotsala, chachitatu besi, chachinayi synth. Ndondomeko imeneyi isamasinthe, kuti mumdima dzanja lizipita lokha. Pa tchanelo chilichonse dinani PFL kapena solo (batani lomvetsera tchanelo chimenecho chokha), mukweze gain (chokwezera mawu olowa) mpaka magetsi a mita afike cha pa 0, osafika pofiira. Batani la low cut lidinidwe pa zonse kupatula kick ndi besi. Pansi penipeni, cha pa 40 mpaka 60 Hz pamene kick imakhala, malo ndi ochepa, ndipo aliyense wolowererapo amaichotsera mphamvu.

Delay ndi reverb zilumikizidwe pa aux send, kuti tchanelo chilichonse chithe kutumizako mawu pa mlingo wake. Ine ndimakonda kubweza delay pa tchanelo wamba m'malo mwa return, chifukwa pamenepo ndimatha kuidula ndi EQ. Chenjerani ndi send ya tchanelo chomwecho: mukaikweza, delay imadzidyetsa yokha ndipo imakula msanga kuposa mmene dzanja lingabwerere. Ngati delay yanu silandira clock, werengerani nokha. Gawani 60,000 ndi BPM. Pa 125 BPM kugunda kumodzi ndi 480 ms, ndipo magawo atatu mwa anayi a nambalayi, 360 ms, ndi amene amapereka kudumpha kuja kodziwika mu techno.

5. Pattern yoyamba

Kick pa masitepe 1, 5, 9 ndi 13. Open hat pa 3, 7, 11 ndi 15. Clap pa 5 ndi 13 ngati mukuifuna. Izi aliyense amazidziwa. Chimene chimapatsa pattern moyo ndi kutalika kosiyana. Siyani ng'oma pa masitepe 16, koma mzere wa synth muufupikitse ukhale 5 kapena 7. Mzere wa masitepe 5 umakumananso ndi ng'oma pa chiyambi pakatha ma bar 5 (bar imodzi ndi masitepe 16), wa 7 pakatha ma bar 7, ndiye khutu limamva zinthu zikusuntha pamene inu simunagwire kanthu. Manotsi atatu amakwana. Zotsalazo ndi ntchito ya filter (yodula mbali ina ya mawu), decay (kutalika kwa kamawu) ndi accent (kugunda kwamphamvu).

6. Kuchoka pa nyimbo ina kulowa ina

Mavidiyo ambiri amakuonetsani munthu akusewera ndi pattern imodzi kwa mphindi zisanu, n'kuthera pomwepo. Pa siteji mwapatsidwa ola lathunthu. DJ ali ndi mbali ziwiri, ina ikulira, ina akuikonza m'mahedifoni. Inu mukangodina pattern yotsatira pa groovebox, kick, besi ndi synth zonse zimasintha pa kamphindi kamodzi, ndipo ovina amaima n'kuyang'ana kutsogolo. Ntchito yanu ndi kudzipangira mbali ziwiri pa tebulo lanulo.

Kukonzekera kumayambira kunyumba. Kick ikhale pa track 1 m'ma pattern onse, hat pa track yomweyomweyo, besi chimodzimodzi. Dutsani ma pattern onse motsatizana mukuyang'ana mita, mufananitse kukula kwa kick, chifukwa imene munapanga usiku pa mahedifoni ndi imene munapanga masana pa masipika sizikhala zofanana. Onaninso ngati makina anu akusunga liwiro pa pattern iliyonse kapena limodzi la zonse. Pa siteji limodzi la zonse ndiye labwino, apo ayi mudzadumpha kuchoka pa 128 kufika pa 140 mosayembekezera. Ma mute nawonso ali pawiri pa makina ena: ena amatsala ndi pattern, ena amakutsatirani kulikonse. Dziwani amene mukugwiritsa ntchito, chifukwa kick imene munaizimitsa ikhoza kubwerera yokha pattern ikasintha.

Njira yoyamba ndi ya makina awiri, ndipo lamulo lake n'lakuti pamene amodzi akusintha, enawo agwire nyimbo. Tiyerekeze kuti muli pa 130 BPM, pamene ma bar 16 ndi pafupifupi masekondi 30. Ng'oma zikuyenda. Tsekani filter ya synth pang'onopang'ono kwa ma bar 16, kwinaku mukukweza send yake ya delay. Pa chiyambi cha bar tsitsani fader ya synth. Mchira wa delay upitiriza kulira, ndiye palibe amene azindikire kuti synth yachoka. Ngati mchirawo ukuduka pamodzi ndi fader, ndiye kuti mwadula synth isanadyetse delay mokwanira, yesaninso. Tsopano sinthani pattern ya synth, dinani PFL, muimvere m'mahedifoni. Ikakhala bwino ilowetseni filter ili yotseka, pamwamba pa ng'oma zakale, muitsegule kwa ma bar ena 16. Anthu azolowera kale nyimbo yatsopano ng'oma zisanasinthe. Kenako tsitsani kick kwa ma bar 8, sankhani pattern yatsopano ya ng'oma mkati mwa mpata umenewo, ndipo ikamalowa pa sitepe yoyamba bwezani fader ya kick. Kick yatsopano yobwera pambuyo pa mpata imamveka ngati mphatso, pamene yosintha pakati pa kugunda imamveka ngati ngozi.

Njira yachiwiri ndi ya looper kapena sampler yolandira clock. Mumajambula ma bar anayi a zonse zimene zikulira, n'kusiya chojambulidwacho chizizungulira, makina enieni mwawatsitsa. Kuseri mukusintha ma pattern onse mosathamanga, kenako mumabwerera pang'onopang'ono. Ambiri amagulira Elektron Octatrack ntchito imeneyi, chifukwa ili ndi crossfader, fader yosamutsira mawu kuchoka mbali ina kupita ina. Pobwerera dulani besi ya loop musanalowetse kick yatsopano, poti ma kick awiri akalira pamodzi amafooketsana. Kwa amene ali ndi groovebox imodzi yokha, njira iyi ndiyo yothandiza kwambiri.

Muli ndi groovebox yokha popanda looper? Pangani ma pattern a pakati. Koperani pattern ya nyimbo yoyamba, muchotsemo synth yake, muikemo ya nyimbo yachiwiri. Ndi ntchito yotopetsa, koma imagwira.

Pali misampha iwiri imene imagwira ngakhale ozolowera. Woyamba ndi program change, uthenga umene mtsogoleri amatumiza kuti otsatira asinthe pattern limodzi naye. Makina a makampani osiyana sagwirizana nthawi zonse za mphindi yotumizira uthengawu, ndiye wotsatira amatha kuulandira mochedwa n'kuzungulira pattern yakale kamodzinso. Yesani kunyumba. Zikavuta uzimitseni muzisintha ndi dzanja, ndipo pa njira yoyamba ija simukuufuna n'komwe.

Wachiwiri ndi zopotokola. Pa synth yopanda chosungira mawu, monga TD-3 kapena DFAM, pamene mwasiya chopotokola ndi pamene mawu ali. Mukamaliza nyimbo cutoff ndi resonance (zopotokola za filter) zili m'mwamba, yotsatira idzalowa ikukuwa. Zibwezeni fader ili pansi. Kadontho ka tepi yoyera pambali pa chopotokola chilichonse, posonyeza poyambira, kamaoneka ngakhale mumdima. Pa makina osunga mawu vuto ndi lotembenuka: pattern yatsopano yabwera ndi nambala yake, chopotokola chili pena, ndipo mukangochikhudza mawu amalumpha. Fufuzani m'menyu polembedwa catch kapena pickup. Pa Digitakt zoterezi kulibe chifukwa zopotokola zake zimangozungulira, ndipo FUNC ndi NO zimakubwezerani pattern mmene munaisungira mukaisokoneza kwambiri.

Poyeserera musamayeserere nyimbo, muziyeserera malo olumikizira. Yambani ma bar 32 nyimbo isanathe, mulowe ina, muime, mubwerezenso. Kenako jambulani ola lonse osaima ngakhale mulakwitse, mudzamvere tsiku lotsatira mukuchita zina. Mudzapeza kuti pamene munkaona ngati mwachedwa m'pamene pakumveka bwino, ndipo pamene manja anali otanganidwa kwambiri m'pamene pali phokoso. Wosewera amatopa ndi loop msanga kuposa wovina. Lembani pa pepala dzina la pattern iliyonse, kiyi yake ndi choyamba kuchotsa, mulimate pa mikisa.

7. Tsiku la siteji

Auzeni okonza zochitikazo pasadakhale kukula kwa tebulo limene mukufuna, masoketi angati, ndi mtundu wa zingwe zotuluka pa mikisa yanu. Kawirikawiri adzakulowetsani pa mikisa ya DJ, ya mabowo a RCA. Bayani pa LINE, osati pa PHONO. PHONO ndi ya turntable, imakweza mawu kwambiri n'kuwonjezera besi, ndipo makina anu adzamveka ophwanyika. Malo ena adzafuna XLR, ndiye nyamulani mitundu yonse iwiri, chingwe cha MIDI chapadera, tepi ndi katochi kakang'ono. Musanamasule tebulo kunyumba lijambuleni ndi foni kumbuyo kwake, kumene kuli zingwe.

Poyesa mawu yambani ndi kick yokha, kenako besi, kenako gawo laphokoso kwambiri la seti yanu, kuti woyendetsa masipika adziwe pamene mudzafike. Mukatero master yanu isakwerenso. Mukafuna kuti chinthu chimveke kwambiri, tsitsani zinzake. Pa tchanelo chimodzi chotsala lumikizani foni kapena chojambulira chokhala ndi loop yaitali ya nyimbo zanu, foniyo ili pa flight mode. Makina akazima, mumakweza fader imeneyo n'kuyatsanso mosatekeseka.

Ngati mukulandira kwa DJ, m'funseni liwiro limene athere, muyambire pafupi nalo, ndipo mulowe ndi hat kapena timawu topanda kick kuti musalimbane ndi nyimbo yake. Liwiro lanu mulifikira pang'onopang'ono, BPM imodzi pa ma bar angapo.

Zotseka m'makutu zopangidwira oimba zikhale m'thumba limodzi ndi zingwe. Bungwe la NIOSH la ku America limaika malire a maola 8 pa 85 dB, ndipo mukawonjezera 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati, moti pa 100 dB ndi mphindi 15 zokha. Zivaleni kuyambira pa nthawi yoyesa mawu, kuti makutu azolowere ndipo musadzakweze hi-hat mopitirira muyeso seti ikayamba. Sipika yoyang'ana kwa inu muitsitse kufika pamene mukungomva kick bwinobwino, zina zonse muzimvera m'mahedifoni pa PFL.